Za kavidiyo ka sefa kaja

Amene mwakaona kale pa WhatsApp kavidiyo kanga nditavala sefa kumaso, sekani ndithu, koma imvaniko mbali yanga. Ine sindinagule njira.

Matenda anga otolera zithunzi zakale za hockey, masewera omenya kamphira ndi ndodo, chibwerereni kuno ku Toronto mukuwadziwa. Ndinayamba ndi tija ta Bee Hive, timene ana ankalandira akatumiza kapepala ka pachitini cha manyuchi, kuyambira 1934 mpaka 1967. Anyamata opesa bwino, akumwetulira ndi mano amene anatsalako. Palibe ankadandaula. Tsoka linabwera ndi chimene ndinatola pa kaunjika Loweruka lina: Jacques Plante, goloboyi wa Montreal Canadiens, ali m'chigoba chake choyera mbuu, m'maso muli mabowo okhaokha. Madola 60. Ndinachipachika pabalaza, pambali pa chithunzi cha ukwati wathu.

Basi apongozi anatera kuchokera ku Dedza.

Masiku awiri nsima ankadyera kukhitchini. Lachitatu ndinapeza Plante atafunditsidwa chitenje. Poti mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso, mlandu unkadzera kwa mayi a kunyumba, ngakhale tonse tinali m'kachipinda koti ukayetsemula wamenya khoma.

"Akuti chilombochi n'cha dambwe liti?"

Ine kuyamba sukulu. Ndinati uwauze kuti pa 1 November 1959 ku New York, Andy Bathgate wa Rangers anamenya kamphira kolimba kaja, n'kumung'amba Plante kumaso. Atamusoka anakana kubwerera m'bwalo wopanda chigoba, ngakhale mphunzitsi wake Toe Blake sankachifuna, ndipo anapambana 3-1.

"Akuti amavinira pati?"

"Pa ayisi."

"Akuti nanga ng'oma?"

"Kulibe ng'oma, amaliza ogani ngati ya kutchalitchi."

Apa apongozi anagwira pakamwa. Ndinaona kuti mawu andithera, bola ndingowaonetsa. Ndani mwa inu akanachita mwina?

Sefa ya mpunga kumaso, yomanga ndi tayi. Mapilo awiri m'miyendo. Golovesi yophikira dzanja ili, mtengo wa mopu dzanja linali. Ndinanjuta pakhomo la kukhitchini, miyendo tang'a, n'kumasendera uku ndi uku monga achitira magoloboyi. Mwana wanga akuwomba m'manja, osati chisawawa, koma mwandondomeko, ngati wakulira ku Linthipe. Ndinamuuza aponye chitsekerero cha botolo.

Anthuni, masokosi ndi pansi pokolopa kumene. Miyendo inapita kudenga, msana pansi phuu! Sefa inavuka n'kuyamba kuzungulira pasimenti. Inazungulira. Inazungulirabe. Tonse anayi duu, kuiyang'ana, mpaka ndinakumbukira ngongole zanga zonse, chisanu chinatha, masamba anaphuka, iyo ikadali ngwe-ngwe-ngwe. Itagona, apongozi anamasula kansonga ka chitenje, anatulutsa K10 yachitsulo, anagwada pang'ono, nkhope atayang'ana kumbali, n'kundiponyera pafupi ndi khutu.

Mayi opemphera m'mawa ndi madzulo amenewo. Koma wa ku Dedza ndi wa ku Dedza, gule akagwa m'bwalo samusiya osamusupa.

Wojambula ndi mayi a kunyumba, tidzakambirana. Plante tsopano akugona m'dirowa pansi pa masokosi omwe aja, msana ndikuuthowabe. Koma kavidiyoko kaoneninso bwinobwino, chitsekerero chija sichinalowe. Chinandimenya pachipumi, inde, koma sichinalowe.