Zikomo kwa anthu amene anandisungira chinsinsi ku Gallaudet

Abale ndi alongo, ndamaliza. Sabata yathayi ndavala gauni pano pa Gallaudet University, yunivesite ya anthu osamva mumzinda wa Washington, D.C., ndipo pepala limene ndinalitsatira kunoli lili m'manja. Pansi pake pali siginecha ya pulezidenti wa dziko la America, monga mwa mwambo wa pasukuluyi, poti chilolezo choti izipereka madigiri anasayina ndi Abraham Lincoln mu 1864. Amayi nditawaonetsa pa vidiyo anayamba kuvina pakhonde chitenje chili m'manja, foni n'kugwa, ine n'kumangoona denga la malata.

Oyenera kuwathokoza ndi ambiri. Amayi, inu munakana zoti mwana wosamva azingokhala pakhomo n'kumatunga madzi. Achimwene, ng'ombe zanu ziwiri zija zinasanduka tikiti ya ndege, sindinaiwale. Aphunzitsi anga a kusukulu ya osamva ya ku Mua, manja oyamba munandipatsa ndinu. Nonsenu ndidzakuthokozani pamaso ndikafika. Lero ndikufuna ndithokoze poyera anthu amene sangathe kudzitamanda okha pa zimene anandichitira, chifukwa ntchito yawo ndi yosaulula: a ku ofesi ya Ombuds ya payunivesiteyi, yomwe imathandiza anthu kuthetsa mikangano mwachinsinsi. Pakanapanda iwo, bwenzi nditabwerera kumudzi chaka chatha chimanjamanja.

Amene simundidziwa bwino, ine ndinasiya kumva ndili ndi zaka 11 nditadwala matenda oumitsa khosi. Chichewa ndimalankhula mpaka pano ngakhale sindidzimva. Chinenero chamanja cha kwathu ndinaphunzira pambuyo pake, ndipo pobwera kuno ndinkati manja ndi manja basi, tikamvana. Ndinanama. ASL, chinenero chamanja cha ku America, ndi china, chili ndi malamulo ake, ndipo amene anakulira m'menemo amachithamangitsa ngati njinga yopanda mabuleki pamtsetse. Miyezi yoyamba ndinkagwedeza mutu pa zinthu zimene sindinazigwire n'komwe.

Pali chinthu chimene inu akumva simuchiganizira. Kwa ife kulibe kunong'ona. Mukakhala m'holo yodyera, munthu amene ali pakona yakutali uko, ngati maso ake ali pa inu, wamva zonse. Galasi silibisa nkhani. Nyumba zina zatsopano za pano anazimanga dala zamagalasi ambiri ndi makonde otakasuka kuti tiziona bwino ndi kulankhulana tili patali, zomwe ndi zabwino kwambiri mpaka tsiku limene uli ndi nkhani yosafuna gulu. Ngakhale kudzikundikira pamodzi kuja amachita osewera mpira wa ku America pouzana mapulani, kunayambira pano m'zaka za m'ma 1890, osewera a Gallaudet atazindikira kuti anzawo osamva a timu ina akuwerenga manja awo. Kuwonjezera apo, anthu osamva ndife ochepa ndipo timadziwana. Amene wakangana naye lero, mawa ndi mlamu wa bwana wako.

Nkhani yanga inali ya ine ndi mnzanga wa m'chipinda, yemwe tinalinso gulu limodzi pa ntchito ya m'kalasi. Dzina sinditchula, koma wawerenga izi nditamumasulira ndipo wavomera kuti ndizilembe. Tsiku lina tikudya, pamaso pa anzathu anayi ndi ena onse amene anali ndi maso m'holomo, anandiuza kuti gawo langa la ntchitoyo linali lofooka, walikonza kale usiku, ndipo watumiza. Anatero nkhope ili gwa, kenako n'kupitiriza kudya. Ine ndine wamkulu kwa iye ndi zaka 9, kwathu ndinali mphunzitsi, ndipo kwathu munthu wamkulu akalakwa umamuitanira pambali. Ndinamva ngati andivula pamsika.

Sindinayankhe. Ndinachita zathu zija zosungira mumtima. Usiku m'chipinda iye anayamba kufotokoza, manja ali m'mwamba, ine ndinadzuka n'kuzimitsa getsi.

Akumva mwina simungaone kukula kwake. Kuzimitsa getsi munthu wosamva ali pakati polankhula kuli ngati kumugwira pakamwa n'kumutsekera kunja nthawi imodzi. Ndinkadziwa zimenezo, n'chifukwa chake ndinatero. Analiyatsa, ine n'kutembenukira kukhoma. Kuyambira pamenepo tinatha masabata asanu m'chipinda chimodzi osayang'anana. Pakakhala zofunika, tinkasiyirana timapepala pa fuliji. Ntchito ya gulu inaima. Ndinadandaulira munthu mmodzi yekha, ndipo pasanathe masiku atatu anthu amene sindinalankhulepo nawo ankandiyang'ana n'kupanga chizindikiro cha getsi lozima. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine ndinasiya manja, ndinawapeza. Ndinasiya kupita kuholo yodyera, ndinkangodya buledi m'chipinda mnzanga akatuluka, ndipo usiku wina wa February, kunja kukuzizira koopsa, ndinayamba kuyang'ana mitengo ya matikiti opita ku Lilongwe.

Amene anandilozera ku ofesi ya Ombuds ndi mnyamata wina wa ku West Africa, yemwe anaphunzira pa imodzi mwa sukulu za osamva zimene anayambitsa Andrew Foster, munthu wakuda wosamva woyamba kulandira digiri pa Gallaudet mu 1954. Poyamba ndinakana. Ine mawu oti Ombudsman ndinkawadziwira kwathu, ofesi ija inakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko a 1994, imene imafufuza madandaulo n'kupereka chigamulo, nkhani n'kutuluka m'nyuzipepala. Ndinkaganiza kuti ndikapita, kukhala mlandu, dzina langa lilowa m'faelo, ndipo kwa ife obwera ndi viza ya sukulu faelo timaiopa kuposa njoka. Mnyamatayo anangoti pita ukaone, sukakamizidwa kutchula dzina la munthu.

Chimene ndinaona poyamba nditalowa n'choti anatseka chitseko, n'kuonetsetsa kuti wodutsa panja sangaone manja athu. Panalibe womasulira, tinalankhulana maso ndi maso. Ataona kuti ASL yanga ikupunthwa anachepetsa liwiro osandichititsa manyazi, pena tinkalemberana. Ndisanayambe anandifotokozera mmene amagwirira ntchito. Zimene ndinene sizituluka m'chipindamo popanda chilolezo changa, kupatula ngati pali chiopsezo chenicheni choti wina avulala kapena kutaya moyo. Sakhala mbali yanga, sakhala mbali ya mnzangayo, sakhalanso mbali ya akuluakulu a sukulu. Saweruza, sapereka chilango, ndipo kuwauza iwo sikuti wakasuma ku yunivesite. Ndikafuna kusuma mwalamulo, andilozera khomo lake. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mfundo zimenezi si zawo okha, ndi zimene amatsatira maofesi a mtunduwu m'mayunivesite ambiri, ndipo dzinalo linachokera ku Sweden komwe udindo wa ombudsman unayamba mu 1809.

Kunena zoona zinandikhumudwitsa pang'ono. Ndinapita ndikufuna mfumu yoti inene kuti wolakwa ndi uje, alipe nkhuku. Ndinalankhula pafupifupi ola lathunthu, misozi ikusokoneza maso, iwo manja ali pamwendo, osandidula. Nditamaliza anandifunsa kuti ndikufuna zinthu zikhale bwanji pofika mwezi wa May. Funso lophweka, koma ndinalibe yankho. Masabata onse aja ndinkangoganiza za zimene zinachitika m'holo, osati za kumene ndikupita. Kenako tinayala njira patebulo imodziimodzi: kupempha kusintha chipinda, kukaonana ndi mphunzitsi za gulu lija, kulemba kalata, kusuma, kukumana ndi mnzangayo pali mkhalapakati, ngakhalenso kusachita kalikonse. Njira iliyonse tinaiona ubwino ndi kuipa kwake. Sanandisankhire. Ndinabwerera kawiri ndisanatsimikize, ndipo ulendo wachiwiriwo ndi pamene ndinaulula za getsi, zimene poyamba ndinazilumpha mochenjera. Nkhope yawo sinasinthe. Anangofunsa kuti ndikuganiza kuti mnzangayo anaona chiyani mumdimamo.

Ndinasankha zokumana. Anamufikira iye payekha nditavomereza, ndipo anali ndi ufulu wokana. Sanakane. Tinakhala mipando itatu moyang'anana, lamulo lili limodzi: wina akamalankhula, mnzake manja pansi, maso pa iye. Mukadziwa mmene zimavutira kuyang'ana munthu amene wakhala ukumuzemba masabata asanu, ndipo kwa ife palibe kuyang'ana pansi n'kumamvetsera ndi khutu. Ukafuna kumva, uyang'ane basi.

Apo ndi pamene ndinadziwa kuti mnzangayo anakulira m'banja la akumva okhaokha. Patebulo ankaseka iye osadziwa chosekacho, akafunsa ankamuuza kuti tikuuza nthawi ina, nthawi inayo osafika. Anakula ndi lumbiro loti iye sadzabisira munthu wosamva mnzake kanthu. Kundiuza mosapsatira kuja, kwa iye kunali kundilemekeza, ndipo osamva ambiri a kuno ndi otero, amakuuza kuti wanenepa musanapatsane n'komwe moni. Za getsi anati zinamubwezera kunyumba kwa makolo ake, kumene nkhani inkatha munthu akangomutembenukira msana. Inenso ndinamufotokozera za kwathu, kuti kudzudzula wamkulu pagulu ndi chipongwe, ndi kuti kukonza ntchito yanga osandifunsa kunandiuza kuti Chingerezi changa ndi nzeru zanga amaziyesa chinthu chimodzi. Pamenepo anakhala kaye chete, kenako anavomera kuti analakwa. Ine ndinapinda chibakera n'kuzunguliza pachifuwa, ndiko kupepesa kwake mu ASL, ndipo dzanja linkanjenjemera. Mkhalapakati wathu analankhula pang'ono kwambiri tsikulo. Ntchito yawo yaikulu inali kutiimitsa tikayamba kulankhulira pamodzi, ndi kubwereza zimene wina wanena kuti tione ngati tamvanadi.

Sindikunena kuti tinasanduka mapasa. Tinagwirizana zinthu zing'onozing'ono: zodzudzulana zizichitikira m'chipinda, ntchito ya munthu isakhudzidwe mwini wake asanaone, ndipo getsi lizizima tonse tikavomera. Gawo langa lija ndinalilembanso ndekha, ndipo ndivomere pano kuti linalidi lofooka. Ndiyeneranso kunena kuti ofesi yotere si mankhwala a zonse. Munthu akakumenya kapena kukuchitira nkhanza, pali maofesi ena amphamvu zofufuza ndi kulanga, ndipo a Ombuds eniakewo amakuuza zimenezo. Koma mikangano yambiri imene imathamangitsa anthu pasukulu ndi yonga yangayi, yaing'ono poiona, yolemera poisenza.

Sukuluyi mikangano imaidziwa. Mu March 1988 ophunzira anatseka zipata kwa sabata yathunthu kufuna mtsogoleri wosamva, patatha zaka 124 akutsogoleredwa ndi akumva okhaokha, ndipo anapambana: I. King Jordan, yemwe anasiya kumva ali ndi zaka 21 pa ngozi ya njinga yamoto, anakhala woyamba. Nkhani imeneyo aliyense amakuuza ukangofika, ndipo ndi yonyaditsa. Koma ine chimene ndikutenga kuno ndi kachipinda kaja. Ndimaganiza za anzanga osamva kwathu, amene akakhala ndi nkhani ya m'banja kapena ya kuchipatala amayenera kudutsira mwa mlongo wawo, mwana wawo, kapena womasulira amene amapemphera naye tchalitchi chimodzi. Ngakhale kwa ankhoswe, wosamva amalowa ndi munthu wachitatu. Ine ndinafika zaka zoposa 30 ndisanakhalepo ndi malo onena zakukhosi m'chinenero chamanja popanda wina womvera nawo. Ndikabwerera ndikufuna tikakambirane zimenezi ndi anzanga a ku MANAD, bungwe la anthu osamva ku Malawi, tione ngati sitingaphunzitse osamva ena ntchito ya umkhalapakati.

Choncho kwa inu a ku ofesi ya Ombuds, zikomo kwambiri. Chichewa simuwerenga, koma ndikutumizirani vidiyo ya mawu omwewa m'manja. Zikomo kwa mnyamata uja anandikankhira pakhomo panu, ndi kwa mnzanga wa m'chipinda, amene chithunzi cha gauni mukuchionachi anajambula ndi iye, atandiuza kaye mosabisa kuti chisoti ndavala mokhota.

Tsiku lovala gauni lija ndinakumana nawo a Ombuds aja pakati pa chigulu cha anthu. Anandidutsa ngati sitinaonanepo, poti sayamba ndi iwo kupereka moni kuopa kuti anthu angadziwe amene anapitako. Ndinawathamangira ine, n'kuwagwira paphewa.

Achimwene, ndikutera pa Kamuzu International Airport kumapeto kwa mwezi uno kudzera ku Addis Ababa. Tsiku ndi nthawi ndikulemberani pa WhatsApp. Muwauze amayi kuti ndiwo ikhale chambo ndi chisoso, buledi ndatopa naye.