Mmene timagulira makina osokera pa okushoni ya pa intaneti

Bizinesi yathu ili ku Jeppestown, kum'mawa kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg, ndipo ntchito yathu ndi kugula makina osokera akale, kuwakonza, n'kuwagulitsa kwa matelala. Tinaiyamba anthu awiri, ine ndi alamu anga: iwo ndi mmisiri wokonza makina, pamene ine ndimayang'anira zogula ndi mabuku a ndalama. Makasitomala ambiri ndi Amalawi anzathu osoka kuno ku Joni, koma makina ena timawatumiza kumudzi kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete.

Phindu lathu limachokera pa mtengo wogulira. Makina olimba a m'mafakitale, monga a Juki, amapezeka motchipa fakitale ya zovala ikatsekedwa katundu wake n'kuikidwa pa okushoni, ndipo masiku ano malonda ambiri otere amachitikira pa intaneti. Makina a m'nyumba timawafufuza pa Bob Shop, tsamba lomwe kale linkatchedwa bidorbuy, ndipo zitsulo zosowa timazipeza pa eBay, tsamba lina la okushoni za pa intaneti.

Amene anazolowera okushoni ya fodya ku Kanengo amadziwa ogula opikisana maso ndi maso, koma pa eBay zinthu sizili choncho. Munthu amalemba mtengo wotsiriza umene angathe kulipira, ndipo kompyuta imaubisa n'kumamukwezera pang'onopang'ono wina akamupitirira. Nthawi zambiri wopambana salipira ndalama zonse zimene analemba, koma mtengo wa amene wamutsatira ndi kaonjezero kochepa. Anthu awiri akalemba mtengo wofanana, katundu amapita kwa amene anayamba kulemba. Pachifukwachi alamu anga ankati: "Alamu, lembani mtengo wanu msanga, mukagone mtima uli m'malo."

Ine sindinkavomereza, chifukwa ndinaona mmene ogula ena amachitira. Munthu akaona kuti wapitiriridwa, amaonjezera pang'ono, n'kuonjezeranso, ngati akufufuza pamene mtengo wanga wathera, ndipo ngakhale atalephera amakhala atandikwezera ndalama zolipira. Chinanso n'chakuti amene amatidziwa kuti ndife okonza makina amatenga chidwi chathu ngati umboni woti makinawo ndi abwino. Kulemba mtengo m'masekondi otsiriza sikupatsa anthu otere mpata woyankha.

Nkhaniyi akatswiri a zachuma anaifufuzapo kale. Mu 2002 Alvin Roth ndi Axel Ockenfels anafalitsa kafukufuku woyerekeza eBay, kumene okushoni imatha pa nthawi yoikika, ndi okushoni za Amazon za nthawi imeneyo, zimene zinkapitirira mpaka patadutsa mphindi 10 popanda wolemba mtengo watsopano. Anapeza kuti kulemba mochedwa kunali kofala kwambiri pa eBay, makamaka pakati pa ogula odziwa bwino malondawa. Choncho tonse awiri tinali ndi mfundo, ndipo chosiyanitsa chinali lamulo la katsekedwe ka okushoniyo.

Lero, tisanachite chilichonse, timawerenga lamulo limeneli. Kumene nthawi yotseka ndi yosasuntha, ndimadikira mpaka kumapeto, ndipo ndimalemba kamodzi kokha mtengo wonse umene tinagwirizana. Njirayi ili ndi vuto lake kuno kwathu, pakuti magetsi akazima netiweki imafooka, ndipo kuchedwa kwa masekondi ochepa kumatayitsa makina amene tinawafunitsitsa. Ndiye makina amene kasitomala waperekera kale ndalama zoyamba sitiwaika pachiswe chotere, ndipo timalemba mtengo wake msanga. Kumene nthawi imaonjezeredwa wina akalemba chakumapeto, monga zimachitikira ku okushoni zambiri za katundu wa makampani otsekedwa, kubisalira sikuthandiza, ndipo timatsatira maganizo a alamu anga.

Chimene sitisintha ndi kawerengedwe ka mtengo wotsirizawo. Timayambira pa ndalama zimene telala angalipire, n'kuchotsapo komishoni ya eni okushoni, msonkho wa VAT wa 15 peresenti kumene ukulipiridwa, galimoto yonyamulira, zitsulo zosintha ndi phindu lathu. Alamu anga ndiwo amayamba kukaona makinawo pa tsiku loonetsa katundu, kupukusa gudumu ndi kumvetsera mota, ndipo mtengo umene atchula akabwerako ndi umene ndimalemba, kaya kwatsala masiku asanu kaya masekondi asanu.