Kernel inandilipitsa nkhuku pa ukwati

Kwathu ukangodziwa kuika Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ngati Windows) pa laputopu basi ndiwe injiniya wa banja lonse, foni ikafa amaitana iwe, wailesi ikamalira zachilendo iwenso. Ndiye msuweni wanga atati akukwatira, komiti sinavutike ndi kuganiza, inangoti vidiyo ya zithunzi ndi nyimbo za masitepe apanga ndi uyu, DJ angobwera ndi masipika.

Laputopu yakeyo ndi yokalamba, RAM (memory imene mapulogalamu amagwiriramo ntchito) 4GB, hard disk yozungulira ija ya 5400 rpm, graphics (mbali yoonetsa zithunzi pa sikirini) ya Intel yomwe ili mkati mwa purosesa momwemo. Graphics yamtunduwu ilibe memory yakeyake amwene, imabwereka ku RAM yomweyo imene mapulogalamu onse akulimbirana. Chithunzi chimodzi cha 1920x1080 chikatambasulidwa chimadya pafupifupi 8MB, ndiye ukalumikiza pulojekita masikirini akhala awiri, onse akudya mbale imodzi. Kunyumba ndinayesa zonse bhobho, vidiyo inkayenda myaa.

Tsiku lake mu holo anti anga anabwera ndi flash, ati muonjezere zithunzi za kuchikazi, mwaika za kuchimuna zokhazokha. Anti sutsutsana nawo atavala chilundu cha komiti. Ndinatsegula Kdenlive, pulogalamu yokonzera mavidiyo, kuti ndikonze mwachangu. Kenako aperekezi a ukwati akuti nyimbo yolowera tasintha usiku, ili pa intaneti, kamphwanga kena n'kutsegula Chrome, matab mbwee kusaka nyimboyo, ine ndili kunja kuthandiza kunyamula makreti a Fanta. Pobwera ndinapeza kanyali ka hard disk kayaka osathima. Amene anagwiritsapo kompyuta yakale akudziwa, kanyali kameneko kakasiya kuphethira ndiye kuti kwaipa.

Kernel, mtima wa Linux umene umagawira mapulogalamu zofunika, pa nkhani ya memory ili ngati kondakitala wa minibasi, mipando ikadzaza amayamba kutenga katundu wa anthu kuponya kubuti, zikakanika amatsitsa munthu. Butiyo ndi swap, kafayilo ka 2GB pa hard disk. Zimene pulogalamu sinazigwire kwa kanthawi zimasamutsidwira kumeneko, ndipo pa Intel ngakhale zithunzi zimene graphics yasunga zitha kupita nawo chifukwa zonse ndi RAM imodzi. Vuto lake vidiyo ya mafulemu 30 pa sekondi imafuna chithunzi chatsopano mamilisekondi 33 aliwonse, pomwe hard disk kungosaka malo amodzi imatha mamilisekondi opitirira 10, ndiye iganizeni ikusaka malo mazanamazana, uku ikulemba uku ikuwerenga zomwe yangolemba kumene.

MC anati tiyeni tione mbiri ya chikondi cha ana athuwa. Vidiyo inayamba bwino, mkwatibwi ali mwana, anthu eeeh, azimayi nthungululu. Kenako inayamba kutsimphina, kenako njii, inaima. Sinaime pa chithunzi cha maluwa ayi, inaima pa chithunzi chimene ndinachiika kuti chingodutsa theka la sekondi anthu aseke pang'ono, mkwati ali kunyanja atayasama kukamwa akumeza mutu wa chambo, diso limodzi lotseka. Khoma lonse la holo nkhope imeneyo. Mouse osasuntha, kiyibodi osayankha, abusa akuyang'ana, apongozi ake akuyang'ana, ana akuloza.

MC ndi katswiri, anati basi zithunzi zatopa tilandire aperekezi. Nyimbo ya pa Chrome inayamba ndithu koma ikudukaduka, ndipo anyamata ndi atsikana aja poti anaphunzira masitepe mwezi wathunthu ankatsatira nyimboyo mokhulupirika, ikaima nawo aima mwendo uli m'mwamba, ikayamba ayamba. Agogo ena kumbuyo anaombera m'manja kuyesa ndi kavinidwe katsopano kkkk.

Swap itadzaza kernel inatulutsa chida chomaliza, OOM killer (OOM kutanthauza Out of memory, memory yatha), imene imasankha pulogalamu imodzi n'kuipha kuti ena apume. Ine mumtima ndikupemphera iphe Kdenlive, chimphona chimene chinangokhala phee osagwira ntchito. Koma Chrome amaika matab ake patsogolo pa mzere wa ophedwa, ndiye mwa matab onse aja inasankha ya nyimbo. Holo yonse zii.

Ndipo DJ anali atasiya maiki yoyaka pa tebulo langa, ine osadziwa. Ndinamenya tebulo n'kukalipira laputopu, "galu iwe, nkhalamba yopanda ntchito, wabwera kudzangodya basi!" Mawu anatuluka m'masipika onse anayi bwinobwino popanda kudukaduka, nthawi yomweyo ankhoswe a kuchikazi, bambo achikulire a imvi, akudutsa kutsogolo kwa tebulo langa mbale ya mpunga ndi nkhuku ili m'manja. Anaima. Anayang'ana mbale, anayang'ana ine. Kumbuyo kwanga mkwati akadali pakhoma ndi chambo chake.

Chowawa n'choti tab ija itangofa memory inapezeka, laputopu inatsitsimuka, vidiyo n'kupitiriza yokha mosalala ngati palibe chachitika, ndiye umboni wanga woti makina anafa unathera pomwepo.

Mawa lake ankhoswe aja anandiitanitsa pakhonde, ankolo anga ali pambali ngati mboni. Ndinanyamula laputopu, ndinatsegula log, kaundula wa zochitika mu kompyuta, n'kuwaonetsa mzere wa Out of memory, nthawi yake yeniyeni ili pomwepo, ndinafotokoza za RAM, za swap, za graphics yobwereka, ndinafika mpaka kwa Linus Torvalds amene anayambitsa Linux mu 1991. Anamvetsera modekha mpaka kumapeto osandidula, kenako anafunsa ankolo, "Kodi mwanayu akuti anatukwana ndi makinawa kapena ndi iyeyo?" Ankolo anati pakamwa panali pake. Chigamulo chinali nkhuku imodzi, ndipo anachita kutsindika kuti yachikuda, yamoyo, osati zamufiriji zija.