Za diazepam ndi agogo athu odwala matenda okhumudwa

Ndikulembera anzanga a kuno ku Nkhotakota amene mukusamalira makolo okalamba omwe akumwa mankhwala a matenda okhumudwa. Mankhwala monga amitriptyline ndi fluoxetine sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamapita masabata awiri mpaka anayi, mwinanso kuposerapo, wodwala asanayambe kupezako bwino. N'chifukwa chake madokotala ena amawonjezerapo diazepam kuti munthu azipeza tulo ndiponso nkhawa ichepe pamene akudikira.

Maganizo amenewa ndi omveka, koma kwa okalamba ine ndikuona kuti pakufunika kusamala kwambiri. Thupi la munthu wachikulire limachedwa kuchotsa diazepam, kotero amene amwa madzulo amadzuka m'mawa akudzandira ndi kuiwalaiwala, achibale n'kumangoti ndi ukalamba. Amitriptyline payekha amagonetsa kale, ndipo amachititsa chizungulire munthu akaimirira msanga. Tsono taganizirani agogo amene amwa onse awiri, akudzuka pamphasa usiku kupita kuchimbudzi kuseri kwa nyumba mumdima. Kugwa sikuchedwa, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewo, ambiri sayendanso monga kale. Akaphatikizapo mowa, ngoziyo imakula.

Diazepam ayenera kuperekedwa wochepa, kwa masabata osapitirira anayi, chifukwa thupi limamuzolowera. Popita kuchipatala tengani kabuku kawo ndi mankhwala onse amene akumwa, ndipo funsani adokotala tsiku loti adzasiye diazepam. Ngati amwa kale kwa miyezi, musawasiyitse mwadzidzidzi, popeza ena amagwa ngati akhunyu. Adokotala ndiwo achepetse pang'onopang'ono.