Za Chithunzi cha Pachipika Chija

Chithunzi chija anandijambula pa mpikisano wothamanga m'phiri mwachiona nonse, ndiye tiyeni tingoikamba nkhaniyi ithe. Inde, ndine amene ndakhala pachipikapo, mwendo uku mwendo uko ngati ndakwera bulu, dzanja likuloza kutsogolo, kukamwa kuli yasa. Amene mukuti ndinkapemphera mwanama. Amene mukuti ndinkalira, limenelo linali thukuta.

Mlandu wanga ndi wochepa, amwene. Polembetsa mpikisanowo analemba kuti makilomita 21, pambali pake timalemba ting'onoting'ono takuti 900 m. Ine ndinkayesa ndi mtunda wochokera poimika magalimoto kukafika poyambira, mpaka ndinadandaula kuti kwatalika. Kuteroko ankanena kuti mukaphatikiza zitunda zonse, mukwera mamita 900 kulunjika kumwamba. Odziwa masewerawa amawerengera kuti mamita 100 aliwonse okwera ali ngati kilomita ina yapadera, ndiye kuti ndinalembetsa makilomita 30 ndili chimwemwe tsaya. Ine amene ndimathamanga makilomita 5 Loweruka pamsewu wosalala, mvula ikapanda kugwa, komanso ngati Lachisanu ndagona msanga.

Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo poyambira ndinalidi nawo. Makilomita awiri oyamba panali pathyathyathya. Ndinkangopitirira anthu uku ndikuwamvera chisoni: tizikwama ta madzi kumsana, ndodo ziwiriziwiri m'manja, nsapato za mano kunsi ngati matayala a thirakitala. Zanga zinali za pamsewu, kunsi kwake kuli see ngati sopo wotha. Mayi wina wa imvi mbuu ndinamupitirira n'kumuuza kuti, "Limbikirani agogo, tikaonana kumapeto." Iwo anangomwetulira. Ukayenda siya phazi, ine ndinasiya mlomo.

Pachitunda choyamba anthu onse anasiya kuthamanga n'kuyamba kuyenda, manja pamaondo, akudzikankha. Ndinati ulesi umenewo. Ndinathamanga ndithu, mwina mamita 200, mpaka mtima unasamuka pachifuwa n'kukagunda m'makutu. Phirilo linalinso labodza: ukaona pamwamba, ukafikapo, pamwamba pena pali apo pakukuyang'ana. Linandinamiza katatu. Pachitunda chachitatu wotchi yanga inasiya kuwerenga yokha, poganiza kuti mwiniwake waima. Ndinali ndikuyenda, anthu inu. Ndinali ndikuyenda ndi mphamvu zanga zonse.

Ndinkati pamtsetse ndikapumula. Palibe anandiuza kuti potsika ntchafu ndiye zimagwira ntchito ya mabuleki, phazi lililonse likamatera zimalandira thupi lonse. Nsapato za sopo zija zinatenga njira yawoyawo, moti malo ena ndinatsika ndi matako, ndipo ndikuuzeni kuti pamenepo ndi pamene ndinayenda mwachangu kuposa pena paliponse tsiku limenelo.

Tsopano chipika. Chinali pafupi ndi kilomita 14, mtengo waukulu wogwa mopingasa njira, wofika m'chiuno. Kumanja thanthwe, kumanzere phompho la zitsamba zaminga. Anzanga ankangoika dzanja limodzi n'kudumpha, phee, ulendo. Ine ndinakweza mwendo wamanja mwaulemu, n'kuuwolotsa. Utangofika tsidya linalo, mnofu wa kuseri kwa ntchafu unakokana, gwa, ngati wina waumanga mfundo. Ndinati ndiuwongole, wa kutsogolo nawo unakokana. Ndinati ndibwerere kumene ndachokera, katumba wa mwendo wamanzere anati nanenso ndilipo. Ndinangoti khwethe kukhala pachipikapo. Mwendo umodzi unali utapitiriza mpikisano, wina unali usanaganize.

Ndiye kumbuyo kukubwera anthu, njira ndi yomweyo imodzi. Woyamba anafika n'kuima, akundiyang'ana. Sindikudziwa chimene chinandilowa, koma ndinatambasula dzanja n'kuloza kutsogolo, ndi mawu a munthu wa udindo: "Dutsani apa, achimwene, samalani pali poterera." Anandithokoza. Wachiwiri anathokozanso. Wachitatu anafunsa kuti madzi ali patali bwanji, ndinamuuza kuti pafupi, ngakhale ndinalibe umboni. Pofika wachisanu ndi chimodzi ndinali nditaizolowera ntchito. Ndinaphimba nambala yanga ya pachifuwa ndi dzanja linalo, ndikugawa malangizo, ndikulimbikitsa ofooka, wina mpaka ndinamudzudzula kuti wamanga zingwe za nsapato mosasamala. Nthawi yonseyi nyerere za m'chipikamo zinali zitapeza khomo la kabudula wanga ndipo zinkalowa pamzere, mwadongosolo, kuposa mmene ife tinayambira mpikisano. Sindikanatha kudzuka, sindikanatha kukanda pamaso pa anthu amene ankandilemekeza. Kuyasama mukukuona pachithunzipo ndi kwa nyerere ya nambala 40 kapena chapompo. Wojambulayo anali atabisala m'zitsamba ngati mlenje, ndipo sanandithandize ngakhale ndi moni.

Kenako ndinamva kuti gwe, gwe, gwe. Ndodo ziwiri. Agogo aja. Anaima, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, anachedwa pang'ono pansapatopo. "Mwanangu, kumapeto kuja ndi pano?" Ndinati ayi agogo, ndikungothandiza anthu. Anatulutsa nthochi m'kachikwama, anandipatsa, anandiuza kuti ndiwongole bondo n'kukokera zala za phazi kwa ine pang'onopang'ono osasiya. Atatero anagwira phewa langa ngati chogwirira cha pamasitepe, n'kuwoloka. Anandigwiritsa ntchito ngati chipangizo.

Ndinatsikapo pamene anafika mnyamata wotsalira kumbuyo kwa onse, amene amamutcha sweeper, wosesa. Ntchito yake ndi kumasula timaliboni tosonyeza njira ndi kutola aliyense amene watsala. Anali ndi thumba lodzaza timaliboni, ndipo anandiyang'ana ngati akuyeza ngati ndingakwanemo. Makilomita 7 otsalawo tinayenda limodzi, ine kutsogolo, iye kumbuyo akumasula njira imene ndangodutsa, ngati akufufuta umboni. Ankati, "Musathamange bambo, nthawi ilipo," uku akuyang'ana wotchi.

Koma tinene chilungamo. Ngakhale akatswiri a mpikisano wa UTMB, wozungulira phiri la Mont Blanc ku Ulaya makilomita pafupifupi 170 ndi kukwera mamita pafupifupi 10,000, pachitunda chenicheni amayenda, sathamanga. Ndiye kuyenda kwanga kunali kwa ukatswiri, kungoti ndinakuyamba mochedwa. Chinanso, pachipika paja palibe amene anasochera kapena kugwera m'minga nthawi yonse imene ndinali pantchito. Ndipo ndinamaliza. Pofika anali atayamba kale kupinda matenti, mendulo anachita kukaifufuza m'katoni m'galimoto, koma ndinamaliza. Inu amene mukuseka munali m'bulangete.

Lero ndi tsiku lachiwiri, limene ntchafu zimapweteka kwenikweni. Masitepe ndikutsika chafutambuyo, nditagwira khoma. Kukhala pampando ndi kugwa kokonzekera. Agogo aja ndamva kuti anamaliza ola lathunthu ine ndisanafike, ndipo anafunsa ngati mnyamata wa pachipika uja anamuchotsapo.

Nsapato zija zikadali pakhonde ndi matope ake. Amene akuzifuna abwere adzatenge, koma akwere yekha masitepe.