Mlamba wa 10 koloko pa Nchalo

Kuno ku Chigwa cha Shire nthawi yabwino yodyera pamodzi ndi anzako si masana ayi. Dzuwa lathu mukulidziwa, makamaka Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumadutsa madigiri 40, ukangogwira nsima yamoto thukuta lili chuchuchu mpaka njala yomwe imathawa. Madzulo nakonso udzudzu, komanso aliyense mtima uli pa transipoti yobwerera kwawo. Ndiye ife amene tinaphunzira limodzi ku sekondale tinapangana pa gulupu yathu ya WhatsApp kuti tizikumana Loweruka cha m'ma 10 koloko, tiyi ndi nkhomaliro pamodzi, ukadya pamenepo basi watseka mpaka usiku.

Malo ake ndi kalesitilanti kena ka pa Nchalo, kuseri kwa mashopu a m'mbali mwa M1. Si malo apamwamba ayi, matebulo ndi apulasitiki, fani imodzi kudenga, ndowa ya madzi osamba m'manja ili pakhomo ndi kasopo kake, koma anthu amadzaza kwabasi. Odula nzimbe amene aweruka, madalaivala a mathiraki, anyamata a kabaza, azimayi ochokera kumsika ndi madengu awo, aliyense amathera pomwepo ndipo mumamva Chisena, Chimang'anja ndi Chichewa zikusakanikirana patebulo limodzi. Ife tinakhala panja pansi pa mtengo wa nimu chifukwa mkati munali mutadzaza kale, ndipo ndikuuzeni kuti pansi pa nimu ndi pabwino kuposa pa fani.

Tinalipo anthu asanu. Chemwali wina ndi namwino amagwira ntchito cha ku Ngabu, achimwene ena ndi aphunzitsi anakwera minibasi kuchokera ku Bangula, mlamu wanga wa pompano amene amagwira ntchito yothirira m'minda ya nzimbe, ine, ndi mnzathu wina amene anakhazikika ku Blantyre. Ameneyu ndiye anafika mochedwa, akuti minibasi inachedwa kudzaza, kenako kutsetsereka mapiri aja pang'onopang'ono mpaka pa Thabwa, kuwoloka Kamuzu Bridge, kuima pa Dyeratu kutsitsa ndi kukweza, pofika pa Nchalo malaya onse ali chonyowa. Anangoti fwaa pampando nkuti ase ndipatseni chilichonse chozizira, mayi aja anamubweretsera juwisi wa malambe wochokera mufiliji, kapu yoyamba anamwa osapumira.

Tinayamba ndi tiyi wa mkaka, mbatata yophika ndi zitumbuwa. Mbatata ya kuno ndi ya kudimba, ija anthu amabzala madzi akaphwera, imakhala yaufa yotsekemera moti shuga mu tiyi umangothira pang'ono. Chemwali anaitanitsa tchipisi ndi mazira, palibe anawaletsa, koma tonse tinkadziwa kuti chimene tabwerera ndi china.

Mlamba. Anthu a kumtunda ena amaunyoza mlamba, amati ndi nsomba ya m'matope, iwo ndi chambo basi. Ine zimenezi zimandipweteka ndithu chifukwa munthu woyankhula choncho sanadyepo mlamba wowamba wophikidwa ndi munthu woudziwa. Ndinapita kukhitchini kukawapatsa moni mayi aja, ndinati mwaswera bwanji amayi, iwo akuvundula nsima nkhuni zili lawilawi, anati pitani muone nokha mwanangu. Mlamba wake ndi uja wopindika ngati nkhata, wakuda ndi utsi kunja koma ukaunyema mkati muli mnofu wofiirira wamafuta. Amayamba auviika m'madzi otentha kuti mchenga ndi mwaye zichoke, kenako amaudula zidutswa zikuluzikulu, anyezi ndi tomato wambiri mumphika, mchere, tsabola wa kambuzi mmodzi yekha wosaphwanya kuti angopereka fungo, ndiye moto wapang'onopang'ono osavundula ndi chipande, amangogwedeza mphika kuti nsomba isaphwanyike. Msuzi wake umatuluka wokhathamira wonunkhira utsi, ukaupaka pa mbamu ya nsima sutsetsereka.

Nsima tinaitanitsa ya mapira. Imeneyi samaphika tsiku lililonse, mlamu anachita kuwauza dzulo lake. Ndi yofiirira, yolemera, mitanda iwiri yokha wakhuta, ndipo ndi imene agogo athu anatilerera chifukwa mapira ndi mchewere zimapirira ng'amba ya kuno kusiyana ndi chimanga. Zimandidandaulitsa kuti ana ambiri masiku ano amaiona ngati nsima ya osauka. Pambali panali makakana okazinga ouma bwino oti umatafuna ndi minga yomwe, masamba a sangowa (cham'mwamba) otendera, ndi kambale ka nyama ya mbuzi kamene tinagawana tonse. Mnzathu wa ku Blantyre anadya phee osayankhula, kenako anati mtauni ndalama ungakhale nayo koma ichi sungachipeze, ndipo maso ake anali ofiira, mwina tsabola mwina kukumbuka mayi ake amene anatisiya, sitinamufunse.

Mayi aja atabwera kudzationa anatiuza kuti nsombazo amapikula kwa azimayi anzawo amene amakatenga kumadooko a ku Elephant Marsh, ndipo mtengo wake ukukwera chifukwa zikuluzikulu zikusowa. Aphunzitsi apa ndiye anayamba, mukudziwa aphunzitsi akapeza mutu, anati dambo limeneli mu 2017 linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, koma anthu ena akupitirizabe kupha nsomba ndi maneti a udzudzu, kukokolola ndi tiana tomwe, ndiye mlamba waukulu uchokera kuti. Chemwali anavomereza mokwiya, anati maneti amenewo timagawa kuchipatala kuti ana asadwale malungo. Mlamu anati zoona koma munthu amene munda wake unapita ndi madzi umuuza kuti adye chani, ndiye mkangano unakula ndithu mpaka a tebulo la pafupi analowererapo. Ine ndili mbali ya aphunzitsi, neti ya udzudzu mumtsinje ndi kudya mbewu, koma mawu a mlamu sindingawataye chifukwa tonse tinaona ndi maso.

Ndipo nkhani ya madzi kuno siilephera kubwera patebulo. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anawononga damu la magetsi la Kapichira dziko lonse nkukhala mumdima, namondwe Freddy mu Malichi 2023 anabweranso, osanena za 2015 ndi Idai wa 2019. Aphunzitsi anafotokoza mmene makalasi anasandukira malo ogona anthu othawa madzi, ndi mmene mabanja ena a ku Nsanje amakhalira akudya nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, njala ikavuta. Kenako tinafika pa ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, ija ikuchokera pa Kapichira yoti idzathirire mahekitala opitirira 40,000 mpaka kukafika cha ku Bangula. Mlamu poti madzi ndi ntchito yake anatenga machesi nkuyamba kujambula patebulo mmene madzi amayendera okha kutsetsereka popanda pampu, akuti zikadzatheka bwino mpunga ngati wa ku Nkhate ndi Muona udzakhala paliponse, tomato sadzasowa ngakhale mu Okutobala. Maso ake amawala akamanena zimenezi ndipo ine ndikufunitsitsa zitachitika tili moyo.

Chimene chinandikhudza kwambiri nchoti gulu lathuli zaka zapitazi timangokumana pamaliro. Wina akamwalira ndi pamene umaona nkhope za anzako, mumapatsana moni wa manong'onong'o kumanda kenako aliyense ulendo. Pano tinaseka mokweza, chemwali anatiuza kuti mwana wawo woyamba wasankhidwa kupita ku sekondale, mnzathu wa ku Blantyre anaulula kuti bizinesi yake ikuvuta chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo akuganiza zobwerera kuno kudzaweta mbuzi, ndiye mlamu pompo anamulonjeza kuti amuperekeza kukaona malo kwa amfumu. Nkhani ngati imeneyi pa foni sakanaitulutsa, ndikumudziwa.

Bilu itabwera tinasonkherana, wina kashi wina pa foni, ndipo aphunzitsi tinawakaniza kulipira chifukwa iwo ndi amene anawononga yambiri pa transipoti. Zinthu zakwera inde, mafuta ophikira, shuga amene amapangidwa pompano, zonse, koma mayi aja sanachepetse mtanda wa nsima ndipo ine ndimawalemekeza pa chimenecho.

Pofika 1 koloko dzuwa linali litakwiya, phula likuchita kunyezimira, aliyense anayamba kusaka chomutengera kwawo. Mnzathu wa ku Blantyre anagula milamba ina yowamba yokulungidwa m'nyuzi kuti akapatse akazi ake. Mwezi wamawa tagwirizana kuti tikakumane ku Bangula, aphunzitsi akuti nawonso ali ndi malo awo oti tikayese. Inu mukafuna kulawa wa pa Nchalo fikani 11 koloko isanakwane chifukwa mphika wa mlamba ndi umodzi ndipo ukatha saphikanso wina, za nsima ya mapira muwauziretu dzulo lake.