Zikomo kwa onse amene anandisunga zaka 6 ku Chengdu

Papita masabata atatu chifikireni kuno kumudzi kuchokera ku China, komwe ndakhala zaka 6 ndikuphunzitsa Chingerezi ana a sukulu mumzinda wa Chengdu, likulu la chigawo cha Sichuan. Ambiri mwa inu munkangoona zithunzi zomwe ndinkaika pa Facebook mwa apo ndi apo, ndipo mwina munkati mnzathu uja ali pabwino tsiku ndi tsiku, popeza palibe amene amadzijambula akulira. Lero ndaona kuti n'koyenera kuthokoza poyera anthu amene anandigwira dzanja, ngakhale kuti ambiri mwa iwo sadzawerenga mawu ano pano, chifukwa Chichewa sachidziwa komanso Facebook ndi yotsekedwa m'dziko lawo. Ndinawalonjeza kuti ndidzawamasulira n'kuwatumizira pa WeChat, pulogalamu ya pa foni yotumizirana mauthenga yomwe amagwiritsa ntchito kumeneko. Mayina sinditchula, poti sindinapemphe chilolezo kwa eni ake.

Ndinafika ku Chengdu mu Ogasiti 2018 nditalembedwa ntchito pa sukulu ina yophunzitsa ana madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ya mtundu umene unali ponseponse m'mizinda ya ku China masiku amenewo. Sabata yoyamba yomwe, mayi wina atandiona pakhomo la kalasi anapita kwa akuluakulu kukafunsa chifukwa chimene mwana wake wapatsidwira mphunzitsi wakuda, pamene iye analipira ndalama zambiri kuti mwanayo aphunzire kwa mzungu. Ine sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, ndinangoona nkhope. Amene anandiuza zoona zake, osandibisira, ndi mphunzitsi mnzanga wachitchaina, mtsikana wochepa kwa ine ndi zaka zinayi, yemwe tinkathandizana naye m'kalasi. Iyeyo ndi amene anapempha mayiyo kuti ayambe wakhala kumbuyo kwa kalasi masiku atatu asanaweruze. Mayiyo anakhaladi, mwana sanamuchotse, ndipo chaka chotsatira ndi iye amene anandibweretsera bokosi la makeke pa chikondwerero cha mwezi. Mnzanga, zikomo yoyamba ndi yako, chifukwa ukanakhala chete tsiku lija ndikanalongedza katundu mwezi usanathe.

Chimene chinandithandiza kwambiri m'kalasi chinali Chichewa, ndipo ichi sindinkachiyembekezera n'komwe. Anzanga ochokera ku Britain ndi ku America ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani mwana wanzeru akhoza kunena "he" akuloza mayi ake, koma ine sindinadabwe, chifukwa m'Chitchaina cholankhula mwamuna ndi mkazi onse ndi "ta", monga momwe kwathu onse alili "iye", ndipo inenso ndinakwapulidwapo ku pulayimale pa cholakwa chomwechi. Anthu a ku Sichuan amasokoneza n ndi l, moti "night" ndi "light" zimamveka chimodzimodzi m'kamwa mwa ana ambiri. Ndinkawauza kuti kwathu vuto lili pa l ndi r, kuti anthu akuluakulu ndithu amanena "play" akutanthauza "pray", ndipo anawo akaseka manyazi ankawachoka n'kuyamba kuyesa. Amawonjezeranso kaliwu kumapeto kwa mawu othera ndi lembo lopanda liwu, monga ife tinapangira "buku" ndi "sukulu". Munthu amene anabadwa akulankhula Chingerezi amangomva kuti mwana walakwitsa, koma amene anachiphunzira movutikira amadziwa pamene mwanayo wapunthwa. Nawonso ankandibwezera. Chitchaina chili ndi makwezedwe anayi a mawu, ndipo ngakhale kwathu timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika pongokweza kapena kutsitsa liwu, zinanditengera miyezi kuti ndileke kupempha tulo m'lesitilanti pamene ndikufuna mtundu wina wa chakudya chawo, poti mawu awiriwa onse ndi "shuijiao".

Pa 28 Malichi 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, boma la China linatseka zipata kwa alendo, kuphatikizapo amene tinali ndi ziphaso zokhalira m'dzikomo, kotero kuti aliyense wotuluka sakanathanso kubwerera ku ntchito. Bambo anga anatisiya mu Januwale 2021 kwathu ku Dedza, m'masiku amene matendawa anavuta kwambiri kuno, ndipo sindinathe kubwera kudzawaperekeza. Achimwene anga aakulu, munachita kuika WeChat pa foni yanu kuti ndione mwambo wonse, ndipo munaima kumanda foni ili m'mwamba mpaka mkono kuwawa, netiweki ikudukaduka. Ku China nthawi ili patsogolo ndi maola 6, moti pamene inu munkatsitsa bokosi dzuwa likuswa mtengo, ine ndinali ndekha m'chipinda kunja kutada. Simunandinenepo kuti ndasankha ndalama kusiya maliro a bambo, ngakhale ndikudziwa kuti ena ananena. Zikomo achimwene, ndiponso zikomo kwa azakhali ndi anthu a mumpingo amene anagona pa siwa ndi amayi m'malo mwanga.

M'mawa mwake aphunzitsi anzanga anandipatsa envulopu yoyera. Ndinali nditazolowera maenvulopu ofiira amene amapatsana pa chaka chatsopano ndi pa ukwati, koma apa ndi pamene ndinadziwa kuti kwa iwo mtundu woyera ndi wa maliro, ndipo kuti chipepeso chilinso kumeneko. Itakwana Qingming kumayambiriro kwa Epulo, tsiku limene mabanja amapita kukasesa manda a makolo awo, mnzanga uja ananditenga kuti ndipite ndi banja lake kumanda a agogo ake kunja kwa mzinda. Iwo anaika maluwa ndi zakudya, n'kuotcha mapepala oimira ndalama. Ine zootchazo sindinachite nawo chifukwa cha chikhulupiriro changa, ndipo palibe anandikakamiza, koma bambo ake anandipatsa tsache. Ndinasesa manda a munthu amene sindinamuonepo, ndipo m'pamene ndinalira maliro a bambo anga mokwanira.

Chaka chomwecho, pa 24 Julayi 2021, boma linalengeza lamulo lochepetsa ntchito ya kunyumba ya ana komanso loletsa kuchita malonda pophunzitsa maphunziro a kusukulu kumapeto kwa sabata ndi pa tchuthi. Sukulu za mtundu wathu uja zinagwa ngati mapesi, ndipo yathu inatseka mu Okutobala isanatilipire miyezi iwiri. Chilolezo chogwirira ntchito ku China chimamangidwa kwa amene anakulemba, choncho ntchito ikatha masiku ako okhala m'dzikomo amayamba kuwerengeka. Ndikuthokoza Amalawi anzanga a m'gulu lathu la pa WeChat, ambiri a iwo ophunzira a m'mayunivesite amene nawonso analibe zambiri, chifukwa chosonkherana ndalama ya lendi, yomwe eni nyumba ankafuna ya miyezi itatu nthawi imodzi. Ndikuthokozanso mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale ya boma amene anandilemba ntchito atangondionera phunziro limodzi, ndi mlembi wake amene anayenda nane m'maofesi mpaka mapepala onse anasinthidwa.

Pa sukulu imeneyi ndi pamene ndinadziwiradi ana a ku China, ndipo kwa iwo ndili ndi zambiri zothokoza. Ndinkaphunzitsa kuyambira kalasi yachitatu, yomwe ndi imene Chingerezi chimayambira m'sukulu zambiri za boma, mpaka yachisanu, ana pafupifupi 45 m'kalasi iliyonse. Anzanga ochokera kunja ankati ndi ochuluka, ine ndinkangomwetulira pokumbukira kalasi yathu ya Sitandade 3 yomwe tinkakhala pansi oposa 100. Ndikalowa onse ankaimirira n'kunena kuti "laoshi hao", kutanthauza moni aphunzitsi. Lolemba m'mawa ankakweza mbendera atavala timipango tofiira m'khosi, tsiku lililonse nyimbo inkalira pa chimkuzamawu kuti onse atsinzine n'kumadzisisita mozungulira maso, ndipo akatha kudya masana ankagona mitu ili pa desiki. Kalasi amasesa okha monga kwathu. Tsiku lina ndinalemba mayina a ana ochita bwino ndi cholembera chofiira pofuna kuwalemekeza, koma m'kalasi munangoti zii, mpaka kamtsikana kena kanabwera kudzandinong'oneza kuti dzina la munthu wamoyo salemba ndi inki yofiira. Sanandiseke, ndipo sanakanene kwa makolo awo.

Mafunso awo analibe malire. Ankafuna kudziwa ngati khungu langa limasuluka ndikasamba, ngati mangongo a m'mutu mwanga ndimamasula usiku uliwonse, ndiponso ngati kwathu mikango imayenda pabwalo. Poyamba zinkandiwawa, koma ndinazindikira kuti ambiri anali asanakhalepo pafupi ndi munthu wa ku Africa, ndipo funso la mwana ndi losiyana ndi chipongwe cha wamkulu. Chimene chinawazunguza kwambiri n'chakuti m'banja mwathu tinabadwa 7. Lamulo la mwana mmodzi linatha kumayambiriro kwa 2016, moti ambiri mwa ana anga anali okhaokha kwawo kapena anali ndi kakhanda kotsatira, ndipo mnyamata wina anandifunsa mozama ndithu kuti amayi ankatha bwanji kuona ntchito ya kunyumba ya ana 7. Ndinawaonetsa zithunzi za nyanja ya Malawi, za phiri la Mulanje, komanso za bwalo la Bingu ndi nyumba ya malamulo ku Lilongwe, zomwe zinamangidwa ndi anthu a kwawo kuchokera pamene maiko athu anakhazikitsa ubale kumapeto kwa 2007. Tsiku lina ndinawaphikira nsima ya ufa wachikasu, womwe ndi umene unkapezeka, ndipo theka la kalasi linalimbana nayo ndi timitengo todyera pamene ena analimba mtima n'kutema ndi manja. Anadabwa kumva kuti kwathu mwana amagwada polankhula ndi akuluakulu, poti kwawo kugwada n'kwa pamanda ndi pa chaka chatsopano, koma pa kulandira chinthu ndi manja awiri tinapezana kuti ndife amodzi.

Sikuti zonse ndinazikonda. Ana a zaka 9 ankabwera m'mawa maso ali ofiira chifukwa chogona mochedwa ndi ntchito ya kunyumba, ambiri atavala kale magalasi, ndipo makolo ena ankatumiza uthenga pakati pa usiku kufunsa chifukwa chimene mwana wapezera 95 osati 100. Kumbuyo kwa zonsezi kuli mayeso a gaokao olowera ku yunivesite, omwe amalembedwa mu Juni ndipo mabanja amayamba kuwaopa mwana ali wamng'ono. Komabe ndinasirira kuona agogo ataima pa geti mvula ikugwa, kudikira kunyamula chikwama cha mdzukulu, ndiponso kuona kuti pa 10 Seputembala, tsiku la aphunzitsi, ngakhale makolo ovuta aja ankatumiza mawu othokoza.

Pa 1 Seputembala 2022 mzinda wonse wa Chengdu, wa anthu oposa 20 miliyoni, unaikidwa pa m'bindikiro, ndipo patangopita masiku anayi chivomerezi chachikulu chinachitika ku Luding, m'chigawo chomwecho cha Sichuan, n'kugwedeza nyumba zathu nthawi ya nkhomaliro. Ndinali pa nsanjika ya 18, poto ali pamoto, ndipo ndinaona madzi akukhavukira pansi makoma akulira. Amene anagogoda pa chitseko changa anali agogo aakazi oyandikana nawo nyumba, omwe ankalankhula chinenero cha ku Sichuan chokhachokha, moti zaka zonsezo tinkangomvana ndi manja. Anandikoka n'kundikhazika pansi pa tebulo lawo pamodzi ndi mdzukulu wawo. Masiku otsatira ndinkapeza mazira ndi masamba pakhomo. Mu Disembala chaka chomwecho, ziletso zitachotsedwa, matenda aja anandigwira ndipo ndinagona masiku 6 osadzuka. Agogo aja, nawonso akutsokomola, ankandisiyira phala la mpunga ndi fulasiki ya madzi otentha m'mawa uliwonse, popeza kwa iwo palibe nthenda imene madzi otentha sathandiza. Agogo, sindinadziwe n'komwe mmene ndingakuthokozereni m'chinenero chanu, ndipo tsiku lotsanzikana ndinangogwada monga timachitira kwathu, inu n'kundidzutsa mwamsanga mukundikalipira.

Pa tsiku langa lomaliza kusukulu, kumapeto kwa Juni 2024, ana a kalasi yachisanu anandipatsa kope lomwe aliyense analembamo tsamba lake m'Chingerezi. Mnyamata amene ndinalimbana naye zaka zitatu pa nkhani ya "he" ndi "she" analemba za ine, munthu wamkazi, kuti "He is my best teacher", ndipo tsamba limenelo sindinalikonze.

Pomaliza ndikuthokoza amayi anga, omwe anandilola kupita kutali chonchi ndipo anapirira umasiye popanda ine pafupi. Amayi, mwandilandira ngati kuti ndinachoka dzulo, ndipo Loweruka lapitali munanditengera kumanda a bambo kuti tikapangane za chiliza. Ndikupepesanso poyera chifukwa cha huajiao, tsabola wa ku Sichuan wochititsa dzanzi milomo, yemwe mnzanga uja anandilongedzera m'chikwama ndipo ine ndinathira m'ndiwo za nkhuku osakuchenjezani. Mwanena kuti wotsalayo asalowenso m'khitchini mwanu, ndipo ndamva.